Mawu a Bambo M'kathumba Kofiira

M'nyumba mwathu chinthu chilichonse chili ndi chovala chake. Wailesi ili ndi chake, simbi ili ndi chake, ngakhale rimoti ya TV imagona m'kathumba komanga ndi chingwe kukamwa. Amayi ndi telala, ndipo fumbi amadana nalo monga mmene munthu amadanira ndi mnansi amene anamunamizira mlandu. Chidani chimenechi chinayamba chaka chimene madokotala anachotsa kholingo la bambo. Bambo anali kapitawo pamalo ochekera matabwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale palibe dokotala amene ananena motero, amayi anauzenga okha mlanduwo nkuugamula: utuchi ndiwo unadya mawu a amuna awo.

Anali mawu odziwika. Anzawo a pantchito ankati kapitawo akakuwa, makina ochekera amachita manyazi. Ine sindinatengere. Ndimalankhula motsitsa, ndipo m'sitolo nthawi zambiri amandifunsa kawiri chimene ndikufuna.

Madokotala atanena za opaleshoni, anatipatsa masiku khumi. Pa nthawiyo achemwali anga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ine ndili chaka chachiwiri ku koleji, kumene ndinkaphunzira za makompyuta. Ndinabwereka kamakina kojambulira mawu, ndipo masana anayi otsatizana ndinawakhazika bambo pampando wa pabalaza kuti alankhule. Tsiku loyamba anavala taye, ngakhale ndinawauza kuti kamakinako kalibe maso, ndipo analankhula mphindi makumi asanu kwa mwana amene anali asanabadwe. Umenewo ndiwo unali uthenga weniweni. Masiku atatu otsalawo anangocheza: za mitengo ndi fungo lake, za mmene anakumanirana ndi amayi, nyimbo ziwiri zitatu.

Zonse ndinaziika pa hadi dilaivu, kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho, kamene ife timangoti hadi. Kamakina kaja ndinabweza nditafufuta. Laputopu imene inali ndi kope lina inanyowa denga litadontha, ndipo sinadzukenso. Motero mawu a bambo anatsala pamalo amodzi okha, m'kathumba kofiira kamene amayi anasoka, m'dirowa ya tebulo langa. Anakhalamo zaka zinayi, ndipo sindinawamverepo ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti chinthu chosungidwa pamalo amodzi chimakhala chatsala pang'ono kutayika, pakuti ndi zimene ndimauza anthu a ku ofesi kwathu sabata iliyonse. Koma kukopera kunkafuna kuti nditsegule, ndipo kutsegulako ndinkakuopa.

Tsiku lina achemwali anaimba foni kuti akubwera Lamlungu lotsatira ndi mwana, amene anali atayamba kufunsa chifukwa chimene agogo ake salankhulira. Masiku ano bambo amapumira kabowo ka pakhosi, kamene amayi amakaphimba ndi kansalu koyera, ndipo amalankhula ndi kabuku ndi pensulo. Anagogoda tebulo ndi pensuloyo, monga amachitira akafuna munthu, nkundilozera tsamba.

"Injiniya, nthawi yakwana. Kanyerere amve."

Injiniya ndine. Kanyerere ndi mdzukulu wawo, amene sakhala pansi.

Lolemba ndinagula hadi yachiwiri, yofanana ndendende ndi yoyamba, kuti Lamlungu lisanafike mawuwo akhale pawiri. Kunsi kwa yakale ndinamata kapepala kolembedwa MAWU, kunsi kwa yatsopano kolembedwa KOPE. Lachiwiri ndinapeza yatsopanoyo itavala kale kathumba kabuluu. Timapepala tanga tinabisika, koma sindinadandaule. Kofiira kanali ka mawu, kabuluu ka hadi yopanda kanthu. Ngakhale mwana akanasiyanitsa.

Lachinayi ndinaweruka msanga. Ndinasamba m'manja, ndinatseka chitseko cha chipinda changa, ndinachotsa chilichonse patebulo. Amayi anasiya kabowo kolowetsera chingwe pa kathumba kalikonse, choncho panalibe chifukwa chovulira. Njira zokoperera zilipo ziwiri. Ina ndi yotsegula mafoda nkusamutsa mafayilo ukuwaona mayina. Ina ndi ya pulogalamu imene imatenga hadi yathunthu nkuilemba pa inzake, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, osafunsa kuti mkatimo muli chiyani. Ndinadziuza kuti yachiwiriyi ndiyo ya akatswiri. Zoona zake nzakuti inali njira yondilola kumaliza ntchitoyo osaona dzina la fayilo ngakhale limodzi.

Pasikirini mahadi awiriwo anaoneka ngati mapasa, dzina limodzi, kukula kumodzi. Ndinalumikiza ya kofiira poyamba, ya kabuluu pambuyo, kuti ndisasokoneze. Pulogalamu inandichenjeza kuti zonse za pa hadi yachiwiri zifafanizidwa, ndipo inafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinayang'ana kathumba kabuluu, ndinavomera. Inafunsanso kachiwiri. Ndinavomeranso.

Kenako ndinamva fungo la sopo.

Linkachokera pa timatumbato. Ndinakhudza kabuluu, ndipo msoko wake unali usanaume bwinobwino. Ndinakakweza pang'ono nkusuzumira kukamwa kwake. Pangodya ya hadiyo panali kachipsera koyera kamene ndimakadziwa, ka tsiku limene inandipulumuka m'manja pamasitepe a ku koleji.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinazula chingwe. Pasikirini nthawi inaima pa masekondi makumi awiri ndi asanu ndi awiri.

Ndinavula timatumba tonse tiwiri nkutembenuza mahadi. Imene inali m'kofiira inati KOPE. Imene inali m'kabuluu inati MAWU. Kwa masekondi onsewo ndinakhala ndikutenga hadi yopanda kanthu nkumailemba pamwamba pa mawu a bambo.

Amayi anagogoda nkulowa ndi tiyi.

"Wavuliranji? Ndachapa m'mawa uno timeneto. Kofiirako kanada ngati chisanza chokolopera. Alendo akubwera, ndati chilichonse chione madzi."

"Zikomo, amayi."

"Nanga thukutali? Tsegula windo. Ayi, leka, kunja kuli fumbi."

Atatuluka ndinachita chimene sindinayenere kuchita: ndinailumikizanso hadi yakale ija, kamodzi kokha, ndikuyembekeza kuti mwina masekondiwo sanali kanthu. Kompyuta inati hadiyo sikuidziwa, ndipo inafunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuifomata, ndiko kuti kuifafaniza yonse. Batani lovomera linali pansi pa chala changa. Ndinabweza dzanja pang'onopang'ono, monga munthu amene wapeza njoka m'nsapato, kenako ndinachotsa chingwe. Ku koleji nkhani imeneyi tinaiphunzira masana amodzi okha, ndipo ndinatsala ndi lamulo limodzi: pa hadi yovulala usalembepo kanthu. Zina zonse zinali zitauluka. Ndiponso manja anga sindinkawakhulupiriranso.

Ndikudutsa pabalaza, pensulo inagogoda.

"Zatheka?"

"Zikutheka, bambo."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nkulembanso. "Nkhope yako ili ngati thabwa logonera pamvula."

Lachisanu m'mawa ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi nkupita kwa a Mawaya. A Mawaya amakonza makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa wodula makiyi ndi mayi wogulitsa matchaja. Amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi, ndipo sanapiteko ku koleji, chinthu chimene amakumbutsa aliyense amene anapitako.

"Digiri yatiyendera," anatero osadzutsa mutu. "Mayi a matchaja, senderani pafupi, lero tiphunzira."

Ndinaika hadi yakale ija patebulo ndi manja awiri, yatsopano pambali pake.

"Yatani?"

"Ndalemba pamwamba pake."

"Kwezani mawu, achimwene, kuno akudula makiyi."

Ndinabwereza.

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Masekondi makumi awiri ndi asanu ndi awiri."

"Munachita kuwerenga? Anthu ophunzira inu, nyumba ikupsa mukuyang'ana wotchi. Mutazula munaikamonso chiyani?"

"Palibe."

"Timapulogalamu ta pa intaneti tolonjeza kudzutsa akufa tija?"

"Ayi."

"Msuweni wodziwa zonse sanaigwire?"

"Sanaigwire."

Anatsitsa magalasi a pamphumi nkuwasanjika pa enawo. "Ndiye sukulu sinapite pachabe. Khalani pampandopo, musagwire kanthu."

Anandifotokozera zimene ndinkazidziwa kale, ndipo ndinamvetsera ngati ndikuzimva koyamba. Koyambirira kwa hadi kumakhala kaundula wonena kuti fayilo yakuti dzina lake ndi lakuti, ikukhala pakuti. Kaundulayo anali atapita. Mafayilo okhala kutali ndi chiyambi akanatha kukhala alipo ndithu, koma opanda mayina, ngati nyumba za m'tauni imene zikwangwani zake zonse zazulidwa. Koma pamene ine ndinadutsa panalibenso chofunafuna.

"Chofufutidwa chimabwerera," anatero. "Cholembedwa pamwamba sichibwerera, ngakhale mutapita nayo kwa amene anaipanga. Mutangoigula munayamba kuikamo chiyani?"

Ndinaigula sabata yomwe ija ya kujambula. Choyamba kulowamo chinali tsiku loyamba.

"Sindikukumbukira," ndinatero.

Sanayambe ndi kufufuza. Anati hadi yovulala saifunsa mafunso ambiri: umaijambula yonse kamodzi pa hadi ina yaikulu, iyo nkuisiya ipume, mafunsowo nkumafunsa chithunzicho. Anailumikiza kudzera pa kabokosi kamene kamalola kuwerenga koma kamakana kulemba, ndipo mzere wobiriwira unayamba kukwawa pasikirini.

Ndinakhala pampando uja maola asanu ndi limodzi. Kunabwera mayi amene foni yake inagwera m'beseni, kunabwera bambo wofuna kuti laputopu yake ileke kutentha ntchafu. Onse anathandizidwa, anasekedwa, anapita. Ine maso anali pamzere. Ndinkaopa kuti magetsi athima, kuti wina apunthwa pa chingwe, kuti ndikatsokomola tebulo ligwedezeka. Mzere utadutsa pang'ono peresenti makumi anayi, unaima. M'kabokosi kakudako munayamba kumveka kaphokoso kakang'ono, tiki, tiki, tiki.

"Inagwapo?"

"Kamodzi, pamasitepe."

"Masitepe angati?"

"Atatu."

"Palibe chimene simuwerenga inu." Anaika chala pamwamba pa hadi monga aikira dzanja pamphumi pa mwana wodwala. "Muli chiyani mmenemu? Mukati mafilimu ndikuthamangitsani."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana mawaya a pansi. Ndinanena za kholingo, za taye, za Lamlungu. A Mawaya anangotenga kapu yawo ya tiyi, imene inali pafupi ndi hadi, nkukaiika pansi kuseri kwa mpando. Tinakhala choncho mphindi zisanu ndi zinayi, kaphokoso kaja kakupitirira. Kenako kanaleka, ndipo mzere unasuntha.

"Yadumpha pachilonda," anatero. "Anasokoneza ndani?"

"Ine."

Anasolola kathumba kofiira kamene kankasuzumira m'thumba la malaya anga, nkukanunkhiza.

"Inu simuchapa bwino chonchi."

"Amene anamata timapepala ndine, ndipo amene sanatiyang'ane ndinenso."

Anandibwezera kathumbako. "Chabwino. Nanenso ndinali ndi amayi."

Chithunzicho chinatha cha m'ma folo koloko. Kufufuza mkati mwake, anatero a Mawaya, kukanatenga mpaka mawa lake. "Pitani kwanu. Mawa mubwere ndi makutu."

Kunyumba ndinapeza amayi akusita makatani. Bambo anali atasuntha mipando yonse ya pabalaza, ataika sipika pa kasitulu pakati, ndipo ankayenda chamtsogolo ndi chambuyo akuyeza ndi mapazi, monga ankayezera matabwa.

"Kanyerere akakhala apa amva bwino?" analemba.

"Amva, bambo."

Amayi anatola timatumba tiwiri tija pamene ndinatisiya patebulo.

"Timatumba tili tokha. Eni ake ali kuti?"

"Ali kwa a Mawaya, amayi. Akungowapima."

"Kupima chinthu chatsopano?"

"Ndi mmene timachitira."

Anandiyang'ana monga amayang'anira kasitomala wonena kuti iye sananenepe, diresi ndilo lachepa. Sanafunsenso. Chakudya sindinachikhudze, ndipo ndinati ndinali nditadya kuntchito.

Loweruka ndinafika a Mawaya asanatsegule. Pulogalamu inali itatola mafayilo opitirira zikwi zitatu, onse otchedwa ndi manambala. Ambiri anali manotsi a ku koleji ndi zithunzi. A mawu anali asanu ndi anayi. A Mawaya anandipatsa mahedifoni omangidwa ndi selotepu, nkutembenukira ku foni ina imene sinkaoneka kuti ikufunika kukonzedwa.

Pojambula paja ndinkawapempha bambo kuti aziyamba ndi kutchula tsiku, kuti ndisadzasokoneze, ndipo iwo ankanditcha kalaliki chifukwa cha zimenezo. Ndinadina fayilo yoyamba. Kunamveka mpando ukulira, kenako kutsokomola.

"Tsiku lachitatu. Kalaliki walamula."

Ndinaimitsa. Ndinali nditaiwala kuti mawuwo anali aakulu chotero. Zaka zinayi zonsezi ndinali nditawachepetsa m'mutu mwanga kuti akwane m'kabuku. Wodula makiyi anapitiriza ntchito yake, mayi wa matchaja ankatsutsana ndi munthu wina za chingwe, ndipo ine ndinakhala ndikuyang'ana khoma mpaka maso anauma.

Kenako ndinatenga pepala nkuyamba kulemba. Tsiku lachiwiri, mafayilo atatu. Lachitatu, anayi. Lachinayi, awiri. Ndinabwereza onse asanu ndi anayi kuyambira koyamba, ndikumvetsera mawu otsegulira okha, ngati kuti lina likanasintha maganizo.

"Palibe," ndinatero.

"Chimene munkati simukukumbukira chija?"

"Chomwecho."

A Mawaya anasiya foni ija. Anakhala kanthawi akukanda chibwano ndi sikuludiraiva.

"Pulogalamuyi imazindikira fayilo ndi mutu wake," anatero. "Mutu ukadulidwa, imangodutsa ngati palibe kanthu. Koma mwina miyendo ilipo. Senderani uko."

Anatsegula chithunzi chija mwa njira ina, ndipo sikirini inadzaza ndi manambala. Onse anali maziro. Anatsitsa, anatsitsanso, maziro okhaokha mizere mizere.

"Ndinu amenewa," anatero akuloza.

Anadumpha patali, anabwerera, anadumphanso, mpaka anapeza malire: pakati pa mzere wina maziro anathera pomwepo, ndipo manambala osakanikirana anayamba. Pamenepo ndi pamene dzanja langa linazula chingwe. Anadula kuyambira pamalirepo mpaka pamene tsiku lachiwiri linayambira, nkuuza pulogalamu ya mawu kuti chidutswacho ichitenge ngati mawu, mutu kaya palibe. Koyamba kunamveka mkokomo ngati mvula pamalata. Anasintha nambala ina. Kachiwiri kunamveka munthu wolankhula mothamanga ngati mwanapiye. Anasinthanso, nkundipatsa mahedifoni.

"...ndiye ukadzafika, ukadzaona bambo wina atakhala phee pakona, usadzaope. Ameneyo ndine. Phokoso langa ndalisiya muno."

Mpando unalira.

"Zatha, Injiniya? Ndivule taye? Ikundinyonga madokotala asanayambe."

Kunamveka mawu anga aang'ono akuti dikirani ndizimitse, koma zikuoneka kuti sindinazimitse. Kunamveka mapazi, kenako amayi: "Kanthu kobwereka mwakasiya pamtunda, fumbi lilowa." Nsalu inagwera pa kamakinako, ndipo zonse zinayamba kumveka ngati zili m'chipinda china.

"Mayi, mukuphimba mawu anga!"

Ndipo bambo anaseka pansi pa nsaluyo, kuseka kwautali kochokera m'mimba, amayi akuwauza kuti asiye zibwana. Chidutswa chonsecho chinali cha mphindi zitatu ndi masekondi khumi ndi limodzi.

"Mwa makumi asanu, zitatu," anatero a Mawaya.

"Inde."

"Ndinanena kuti cholembedwa pamwamba..." Sanamalize. Anatenga hadi yatsopano, anaitembenuza, anawerenga kapepala mokweza, anandiuza kuti nanenso ndiwerenge mokweza mpaka mayi wa matchaja amve, ndiyeno anakopera mafayilo khumiwo limodzilimodzi, tikuwaona. Anawaikanso pa fulashi, nkundipatsa. "Iyi muisunge kwina. Osati m'nyumba imene muli sopo."

Bambo ndinawauza masana omwewo, pabalaza. Amayi anali pamakina awo pafupi ndi windo, akupinda diresi la kasitomala. Ndinaima patsogolo pa bambo ngati mwana wa sukulu. Ndinati ndinasokoneza mahadi, sindinayang'ane timapepala, ndinalemba pa yolakwika. Ndinati masiku atatu apulumuka onse, koma uthenga wa tsiku loyamba watsala mphindi zitatu za kumapeto. Za sopo sindinanene. Ndili pakati pofotokoza, makina a amayi anaima.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Analemba, anakhala kaye akuwerenga zimene alemba, kenako anatembenuzira kabuku kwa ine.

"Mphindi makumi asanu kwa mwana wa zaka zinayi? Akanagona. Wandipulumutsa, ndinkamveka ngati wapampando."

Ndinayesa kuseka, sizinatheke. Analembanso. "Pita ukadye. Dzulo unanama."

Makina a amayi anayambanso kulira.

Dzuwa likupendeka ndinadutsanso pabalaza, ndipo ndinapeza bambo atatsegula tsamba latsopano. Pamwamba pake panali mawu atatu: "Iwe uli m'mimbamo." Umo ndi mmene uthenga uja unayambira. Pansi pake panalibe kanthu, ndipo pensulo inali chilili pamwamba pa pepala. Anadzutsa maso nkundiyang'ana, ngati akundifunsa chimene chinatsatira, popeza ine ndinali pomwepo tsiku lija. Ndinafufuza m'mutu mwanga monse. Chimene ndinapezamo ndi chakuti mphindi makumi asanu zonsezo ndinkayang'ana kamzere ka batire, kuopa kuti kamakina kangazime. Ndinapukusa mutu. Iwo anagwedeza wawo pang'ono, nkutseka kabuku.

Lamlungu achemwali anafika ndi alamu ndi Kanyerere dzuwa lili pamutu. Pamalo pamene bambo anayeza ndi mapazi mwanayo sanakhalepo ngakhale mphindi imodzi. Anakwera mpando, anatsika, anavula rimoti kathumba kake. Bambo anakhala pakona, pamene amakhala masiku onse, atavala taye yomwe ija. Anagogoda tebulo, ndipo ndinadina.

Kanyerere anaima chilili. Anazungulira kuseri kwa sipika, anasuzumira pansi pa kasitulu.

"Akulankhulawa ndani?"

Bambo anadziloza pachifuwa ndi pensulo.

"Bodza. Agogo salankhula."

"Iwe, ulemu," anatero achemwali, koma mawu awo sanafike bwino kumapeto.

Ndinabwezera koyamba kuti amve bwino. Mawu aja atati bambo wina atakhala phee pakona, mwanayo anatembenuka nkuyang'ana pakona. Nkhani ya taye itafika, anayang'ana taye. Kenako kunamveka za fumbi.

"Awo ndikuwadziwa, ndi agogo aakazi," anatero, akuloza amayi.

Amayi anadzuka nkupita kukhitchini, ndipo tinamva mpope ukutsegulidwa.

Kuseka kuja kutayamba m'sipika, bambo nawonso anayamba kuseka pakona paja, popanda mawu, mapewa akukwera ndi kutsika, kansalu ka pakhosi kakuuluka. Mapewawo ankayenda pamodzi ndi kuseka kwa m'sipika, osatsogola, osatsalira. Kanyerere anayang'ana sipika, anayang'ana mapewa, anayang'ananso sipika. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakona, nkuika kadzanja kake paphewa la agogo ake, ndipo kadzanjako kanagwedezeka nawo mpaka kuseka kunatha.

"Amalume, ikaninso," anatero osachotsa dzanja.

Ndinaika kanayi. Mpope wa kukhitchini unatsekedwa ulendo wachitatu uli pakati.

Lolemba nditaweruka ndinapeza mahadi awiri aja patebulo langa, iliyonse itavala kathumba kake. Kunsi kwa kathumba kalikonse kunali kutadulidwa kawindo, kophimbidwa ndi pulasitiki yoonekera, kolunjika pa kapepala. Msoko wozungulira kawindoko unali wa pamanja, waung'ono ndi wothithikana, wa mtundu umene amayi amasungira madiresi a akwati okha. Sanandiuze kanthu za zimenezi, ine sindinawafunse, ndipo mpaka lero sitinakambirane.

Ndinatembenuza kofiira nkuwerenga. Ndinakavulabe, kuti ndione kachipsera ka pangodya ndi maso anga, nkukavekanso. Hadi imeneyo ndinaibwezera m'dirowa kuti ipume. Ndinalumikiza ya kabuluu, ndinavala mahedifoni, ndipo ndinatsegula tsiku lachiwiri kuyambira pachiyambi.